A Tiyeni ndi Mtengo Wotchedwa Nyumba

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa cholimba mtima kulemba nkhaniyi. Ine si mlembi. Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo chimalizireni sukulu sindinalembepo chinthu chotalika kuposa malangizo a kamwedwe ka mapiritsi. Kuntchito kwathu ukaphonya liwu limodzi munthu akhoza kuvulala, choncho ndinazolowera kubwereza zinthu, ndipo mwina pena muona kuti ndikufotokoza zomwe mwamva kale. Mundipirire. Komanso munthu amene ndikumulembayu ndi wamkulu kwa ine. Ndi alamu anga, akulu awo a amuna anga. Ndinapita kukawapempha chilolezo, iwo anangoseka n'kunena kuti, "Lembani alamu, bola musaiwale kutchula kuti ndili mnyamata ndinali wokongola." Ndiye ndatchula. Chithunzi cha nthawi imeneyo sindinachionepo, choncho sindingachitire umboni.

M'dera lathu palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Ana amawatcha A Tiyeni, ndipo dzinali linafika mpaka kwa akuluakulu, moti ngakhale akazi awo akakwiya amati, "A Tiyeni inu, mwandithiranso utuchi pampando." Ndi kalipentala. Amagwirira ntchito m'chisakasa cha malata m'mbali mwa msewu, chodzaza matabwa oimika, zitseko zosamaliza ndi mabedi oyembekezera eni ake. Ukalowamo, fungo la guluu ndi la matabwa aawisi limakuperekeza mpaka kwanu. Pensulo sichoka kukhutu kwawo. Amayenda motsimphina, chifukwa kale mulu wa matabwa unawagumukira potsitsa pa lole n'kuwathyola mwendo wakumanzere, ndipo unapola mokhota. Ali ndi pikiapu yakale yonyamulira katundu, yomwe chitseko chake cha mbali ya wokwera chimatseguka ndi kunja kokha. Chikwatiwire ine m'banja limeneli akhala akunena kuti achikonza sabata yamawa.

Za ubwana wawo ndinazimva kwa amuna anga, ndipo zina ndinakatsimikiza kwa eni akewo. Akuti mpira ankautha. Ankasewera kumbuyo, ndipo wa mbali ina akawaona akubwera ankapereka mpira msanga kwa mnzake. Tsiku lina kunamveka kuti kubwalo lina lakutali kubwera anthu odzasankha anyamata oti akalowe timu yaikulu. Bambo awo, omwe ine sindinawapeze ali moyo, analonjeza kuti awaperekeza panjinga. Kutacha kunagwa mvula. Bambowo anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Tidikire ikate." Mnyamata anadikira nsapato zili m'manja. Mvula inakata dzuwa litapendeka, ndipo atafika pabwalopo anangopeza mbuzi zikudya udzu. Sindikunena kuti akanasankhidwa, ndipo iwonso sanena choncho. Amangoti sadzadziwa. Koma kuchokera tsiku limenelo kudikira kunawanyansa, makamaka kudikira mvula.

Ana awo atakula n'kuchoka pakhomo, mnyamata wina wogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta anayamba kuphunzitsa ana a m'dera lathu mpira Loweruka masana. Ana amangomutcha Kochi. Bwalo limene anapeza lili patali ndithu, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, ndipo kuti ukafikeko uyenera kuwoloka msewu waukulu wa malole. Makolo ambiri tinakana. A Tiyeni atamva anati, "Galimoto ilipo, Loweruka imangogona." Palibe anawatuma. Anapanga mabenchi awiri n'kuwakhomera kumbuyo, anamangapo tenti pamwamba, basi ulendo unayambika.

Ali ndi lamulo limodzi lokha. Nthawi ikakwana amaliza injini, amaimba hutala kawiri, n'kunena kuti "Tiyeni." Akatero galimoto imanyamuka, ndipo wotsala watsala. Ndinaonapo mwana wa aphunzitsi akuthamanga nsapato imodzi ili m'manja, misozi chuchuchu, galimoto ikukhota pangodya. Mayi ake atapita kukadandaula, iwo anayankha kuti, "Mayi, ndikadikira wanuyo lero, sabata yamawa ndidikira onse." Ana amaiopa hutala imeneyo kuposa chikwapu. Ikalira amasiya chilichonse, ngakhale chakudya chili m'kamwa. Ndipo mvula kwa iwo si chifukwa. Kholo likati kunja kwaipa, amati, "Mwana si pulayiwudi kuti akanyowa afufuma."

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, akadali ku pulayimale. Ndi wowonda, wakachetechete, kunyumba amalankhula ngati akunong'ona. Abambo ake aakuluwa ndi amene anamukokera kumpira, ndipo anapezeka kuti pagolo ndi wovuta kumugoletsa, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Chitseko. Ndinaona mwana akuyamba kuyenda mutu uli m'mwamba, akuyankha anthu osayang'ana pansi. Pa zimenezi ndimawathokoza alamu anga, ndipo ndikufuna zimveke bwino ndisanafike pa zinazo. M'timu yawo, wapagolo ndi amenenso amasunga mipira, yomwe imakhala m'thumba la ukonde. Pomupatsa thumbalo A Tiyeni anamuuza kuti, "Chitseko, ukhoza kuiwala nsapato, ukhoza kuiwala mutu wakowo, koma mipira isatsale." Ankanena moseka, koma mwana wanga sadziwa kusiyanitsa nthabwala ndi lamulo. Anatengera ine.

Loweruka limene ndikufuna kufotokozali sindinapite kuntchito, ndipo amuna anga anali paulendo. Kuyambira m'mawa kunatentha modabwitsa, kopanda ngakhale kamphepo. Masana mitambo inayamba kuunjikana, yakuda bii kunsi kwake, ndipo chapatali kunkamveka kugunda kofooka ngati munthu akukoka tebulo m'chipinda china. Ine mphenzi ndimaiopa kuyambira ndili wamng'ono. Kusukulu atatiphunzitsa m'mene imayendera, mantha anga sanachepe ayi, anangopeza zifukwa.

Ndinamuperekeza mwana mpaka pachisakasa paja. Ana anali atadzaza kale mabenchi, akukankhana ndi kuimba. Alamu anali akupukuta galasi ndi kansanza.

"Alamu," ndinatero, "kaya mwaona kumwambaku?"

"Kumwamba kuli eni ake, adokotala. Ife ndi apansi." Amanditcha adokotala akafuna kundiseka.

"Ayi, ndimangoti mwina, poti ngati kukugunda."

"Ndi m'mimba mwanu mmenemo. Mwadya koma?"

Ana anaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atavala kale jezi yake yachikasu, thumba la mipira lili pamiyendo, akundiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndisamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Injini inalira, hutala inalira kawiri.

"Ndipita nawo," ndinatero mofulumira.

"Kwerani. Koma mukamakuwa chigoli muziyamba mwafunsa kuti chalowa mbali iti."

Aka kanali koyamba kuti ndifike kubwalolo. Ndi malo athyathyathya, otakasuka, opanda chobisalapo. Mbali imodzi kuli mpanda wa waya ndi mapolo a magetsi. Mbali ina, kumene msewu umalowera, kuli nyumba yaitali yosungiramo katundu, ndipo pakhonde pake panakhala mlonda wachikulire atavala chijasi. Pambuyo pake ndinamva kuti anali watsopano pamalopo. Chapakati m'mbali mwa bwalo pali mtengo umodzi waukulu, wanthambi zotambalala, ndipo palibe china chachitali choyandikana nawo. Nditangouona ndinayang'ananso mitambo ija.

Kochi anali atafika kale panjinga. Anaomba m'manja n'kunena kuti, "Katundu kunyumba." Ana onse anathamangira kumtengo kuja n'kuyamba kukoloweka zikwama zawo pa misomali ya thabwa lokhomeredwa pathunthu. Mwana wanga anatulutsa mipira yoti agwiritse ntchito, yotsalayo anaimangirira ndi chingwe, ili m'thumba lake, panthambi yotsika kuti tiana ta m'mbali tisaiseweretse.

"Kunyumba kwake kuti?" ndinafunsa.

"Si iyo mukuionayo," anatero alamu. "Matimu aakulu ali ndi zipinda zosinthira zovala, ife tili ndi iyi. Denga lake silidontha kwambiri, mwini nyumba savuta. Thabwa ilo ndinakhoma ndi ine."

Anaimika galimoto pakati pa mtengo ndi nyumba ya katundu ija, anatuluka, ine ndinatsala m'kati. Masewera atangoyamba mvula inayamba kuwaza. Ana sanailabadire. Ankatsetsereka dala m'matope n'kumaseka, ndipo alamu ankatsimphina m'mbali mwa bwalo akukalipira mnyamata wina kuti, "Iwe, miyendo imeneyo ndi yako kapena wabwereka?" Mwana wanga anagwira mpira wina movutikira, anzake n'kumuimbira m'manja. Ndikufuna kunena chilungamo: kwa kanthawi ndinadziona wopusa, ndipo ndinathokoza kuti sindinaumirire zija.

Kenako kunja kunasintha. Kamphepo kanaleka, kunangoti zii, ndipo kuwala kunasanduka kwachikasu ngati kwa nyali yotha mafuta. Mosakhalitsa kunabwera chimphepo chozizira chimene chinanyamula mapepala ndi timasamba n'kukazimata pampanda. Tenti ya kumbuyo inayamba kuwomba ngati ikufuna kuuluka. Mvula inatsika yeniyeni, yamadontho aakulu, moti ana a kugolo lakutali ankangooneka ngati zithunzithunzi. Alamu anabwerera m'galimoto akudontha madzi, akuseka.

"Iyi ndiye imalimbitsa mafupa," anatero.

Asanamalize kuseka kunang'anima, bwalo lonse linangoti mbee, ndipo kugunda kunabwera nthawi yomweyo, osapereka mpata. Ndimadziwa tanthauzo lake. Kung'anima ndi kugunda zikabwera pamodzi, ndiye kuti chinthucho chili pamutu panu. Galasi la galimoto linanjenjemera. Ana anaima chilili, ena atagwira m'makutu.

Mlonda uja anadzuka pakhonde paja. Anatsegula chitseko cha nyumba ya katundu, anatuluka pamvula n'kuyamba kukuwa akukodola ndi manja onse awiri: "Kunyumba, ana inu! Thawirani kunyumba!" Munthuyo ankachita zabwino. Ankatanthauza nyumba yake ija, ya makoma ndi denga. Koma m'chimvula chotero manja ake palibe anawaona, linangomveka liwu lokha. Mnyamata wamkulu wa m'timu analilandira n'kulibwereza, ena n'kulibwerezanso, ndipo ana onse, ndi Kochi yemwe, anathamangira kumene liwulo limatanthauza kwa iwo. Anakaunjikana pansi pa mtengo, atakumbatira thunthu, mitu ili pamodzi.

"Alamu," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka ngati a munthu wina, "mtengowo."

Sanafune kuti ndiwafotokozere. Nkhope yawo inasintha pomwepo. Anatuluka n'kuyamba kukuwa kuti ana achokepo, koma mphepo inkawalanda mawu pakamwa. Ana ankawaona akuponya manja, ena n'kumawabayibitsa, ena n'kumawakodola kuti nawonso abwere adzabisale. Pansi pa mtengo panali pouma, kunja kunali madzi ndi moto. Mwana wanzeru zake akanachoka pouma chifukwa chiyani?

Ine ndinagwira chotsegulira chitseko n'kukoka. Sichinatseguke. Ndinakokanso, ndinachimenya ndi phewa, ndinamenya galasi ndi zikhatho. Ndinali nditaiwala kuti chimatseguka ndi kunja. Ndinkaona kajezi kachikasu pakati pa anzake, kutsogolo kwanga pomwepo, ndipo m'mutu mwanga munkabwera zonse zimene ndinaphunzira, mwadongosolo, ngati ndikuwerenga pabolodi: kuti mphenzi imasankha chachitali, kuti imatsika ndi thunthu, kuti imadumphira pa amene ali pafupi, kuti imayenda ndi pansi ponyowa. Kunang'animanso. Ndinatseka maso, ndipo nditatsegula anali akadali pomwepo, onse.

Ndisanaganize zotulukira mbali inayo, alamu anabwerera n'kudziponya pampando. Sanandiyang'ane. Anapotokola kiyi, injini inatsokomola n'kuzima. Anapotokolanso, inazimanso. "Mayi iwe, osati lero," anaiuza chapansipansi. Kachitatu inalira. Anaimba hutala kawiri, motalika, anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa liwu lawo lija, kenako galimoto inayamba kuyenda kulowera kunyumba ya katundu.

Zimene ndinaona pagalasi lakumbuyo sindidzaziiwala. Ana amene sanamve kukuwa, amene sanamve kuchonderera, atamva hutala miyendo yawo inanyamuka yokha. Anatuluka pansi pa mtengo ngati njuchi, zikwama kuzisiya pa misomali, akuthamangira galimoto, akugwa, akudzuka, akulira kuti asawasiye. Kochi ankabwera pambuyo atanyamula kamwana kamodzi. Alamu ankayendetsa pang'onopang'ono, moti ana ayandikire koma asaigwire, mpaka tinafika pakhonde pomwe mlonda ankawalowetsa m'kati mmodzimmodzi.

Ine ndinkafuna mtundu umodzi wokha. Ndinayang'ana pa amene akulowa, ndinayang'ana pa amene akubwera. Chikasu panalibe. Nditayang'ana kumtengo ndinamuona, yekhayekha, ataimira zala za kumapazi, manja ali m'mwamba panthambi. Ankamasula thumba la mipira. Chingwe chinali chitanyowa, mfundo inali italimba.

Alamu anamuona nthawi imodzi ndi ine. Sanayese kutembenuza galimoto, chifukwa matayala anali atayamba kale kuzungulira pamodzimodzi m'matope. Anangotuluka n'kuyamba kuthamanga. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Mwendo wokhota uja unkatsalira, thupi lonse linkapendekera mbali imodzi ngati kabati yonyamulidwa ndi munthu mmodzi, koma ankapita. Ine ndinakwawira pampando wawo, ndinatulukira chitseko chawo, ndinathamanga pang'ono, nsapato inatitimira ndipo ndinagwa chafufumimba. Ndikudzuka ndi maondo, ndinawaona atafika pansi pa mtengo. Tsopano analipo awiri.

Ndiye kunachitika chija. Sindinganene kuti ndinachiona kapena ndinachimva, chifukwa zonse zinabwera pamodzi. Kunayera moti maso anasiya kuona, phokoso linandimenya pachifuwa ngati thabwa, ndipo m'kamwa ndinamva kukoma kwa chitsulo. M'makutu munangoti tswii. Ndinakhala chogwada m'matopemo, sindikuona kanthu koma mabala obiriwira akuyandama, ndikuitana dzina la mwana wanga koma osadzimva. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine mwana anali atapita, ndipo ndinayamba kuganiza mawu amene ndikawauze bambo ake.

Maso atayamba kubwerera, ndinaona chinthu chikubwera m'mvulamo, chopendekera mbali imodzi. Anali alamu, mwana atamupana m'khwapa chopingasa ngati m'mene amanyamulira matabwa, miyendo yake ikupalasa m'malere. Atafika pamene ndinali sanaime. Anangondigwira pakolala ndi dzanja linalo n'kundikoka.

M'nyumba ya katundu munali mdima ndi fungo la makatoni. Ana anakhala pansi mothithikana, chete, mano akugundana. Denga linkalira moti kuti umve mnzako unkayenera kuyandikira. Ndinamugwira mwana wanga mutu, manja, miyendo, ndinamutembenuza, ndinamugwiranso. Analibe bala. Anandilola kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa abambo ake aakulu.

"Abambo, mipira yatsala."

Iwo anali atakhala pa katoni, mwendo atautambasula, akupuma ngati macheka.

"Itsale," anatero. "Wamva, mwana wanga? Itsale."

Pensulo yawo inali itagwera pansi. Anaitola, anayesa kuibwezera kukhutu, koma inagwanso. Atandiona kuti ndaona, anati, "Adokotala, simunatengeko timapiritsi ta mtima m'thumbamo?" Palibe anaseka, ngakhale iwo omwe. Mlonda ankangozungulira akufunsa aliyense kuti, "Nanga ine ndimati kunyumba, iwo n'kumapita kumtengo, ana amenewa ndi ogontha?" Kochi atamufotokozera, munthu wamkuluyo anavula chipewa n'kukhala pansi.

Ndisanamize, mphenziyo sinagwe pamtengo wathu. Inagwa pa polo la magetsi kuseri kwa mpanda, ndipo mvula itatha tinaliona litang'ambika, likufuka utsi. Mtengo unali chiimire, zikwama zili lendelende pa misomali, thumba la mipira lili panthambi. Ena amati ndiye kuti panalibe choopsa. Ine ndikayerekeza kutalika kwa polo lija ndi kwa mtengo, sindipeza chifukwa chimene inasankhira limenelo.

Amuna anga atabwera n'kumva, anangoti, "Za mpira zatha. Ukawauze achimwene." Iwo sangawauze okha, amawaopa kuposa ine. Mwana atamva sanalire mokweza, anangopinda jezi yake n'kuiika pansi pa pilo, ndipo masiku otsatira anabwerera ku kunong'ona kwake kuja. Ine ndinali pakati. Ndikamuyang'ana ali chete, mtima unkawawa. Ndikatseka maso, ndinkamuona manja ali panthambi.

Pakati pa sabata ndinapita kuchisakasa nditaweruka kuntchito. Ndinawapeza atakhala pansi, zomwe sachita kawirikawiri, bondo litatupa, akukhoma misomali pathabwa lalitali. Anandiuza kuti apempha kwa eni nyumba ya katundu ija, ndipo alola kuti ana azisiya zikwama pakhonde. Thabwa la pamtengo lija anali atakalizula kale.

"Dzina loti nyumba lija ndinayambitsa ndine," anatero osadzutsa mutu. "Ndinkangoseka."

Ndinakhala pa kampando kosamaliza. Uthenga wa amuna anga unali pakamwa, koma iwo ndi amene anayamba kufunsa.

"Inu mitambo ija munaiona tisananyamuke?"

"Ndinaiona, alamu."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Munati ndi m'mimba mwanga."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Munanena ngati mukupempha mchere kwa aneba. Ine makutu anatha ndi macheka, alamu. Ndipo kumwamba sindiyang'anako. Ndimayang'ana msewu, ndimayang'ana mpira."

"Ndiye Loweruka likubwerali kukachitanso chimodzimodzi?"

"Mvula yokha sitingasiyire. Tikayamba kutero ndiye kuti miyezi yonseyi palibe mpira." Anakhoma msomali wina, unapindika, anauzula. "Koma zogundazo, kaya. Munthu umati ili kutali, ipita kwina."

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti alamu anga sasintha msanga. Anachita mantha, inde, ndipo mwana wanga anamutulutsa ndi iwo, ndi mwendo umene lero sakutha kuupinda. Koma tsiku lina kudzagunda chapatali, ana adzakhala atadzaza mabenchi akuimba, ndipo iwo adzati ipita kwina. Si munthu woipa. Kungoti pa anthu onse amene amaima pagalimoto ija Loweruka, palibe amene ntchito yake ndi kuchita mantha.

Uthenga uja sindinaupereke. Ndinabwerera kunyumba n'kuwauza amuna anga kuti mwana apitiriza mpira, ndipo tinakangana, koma pamapeto anandisiyira. Ndagwirizana ndi mnzanga wa kuntchito kuti nyengo yonse ya mvula iye azigwira Loweruka, ine ndizigwira Lamulungu. Ndizikhala pachisakasa ana asanakwere, ndipo ndizipita nawo kubwalo. Mvula yokhayokha ndiziwalola, ngakhale mtima uzikana. Koma ndikamva kugunda, kaya kuli kutali chotani, ndidzaima kutsogolo kwa galimoto n'kunena mokweza, ana onse akumva, kuti lero sitipita, ndipo ngati tafika kale ndidzalowa m'bwalo ndekha n'kukatola mpira. Ndikudziwa kuti adzandiseka, mwana wanga adzayang'ana pansi, ndipo mwina alamu adzandikwiyira, chinthu chimene sichinachitikepo ndipo ndimachiopa pafupifupi ngati mphenzi yomwe. Mawuwo ndakhala ndikuwayeserera ndili ndekha m'chipinda chosungira mankhwala. Akumatulukabe monjenjemera, koma ndidzawanena choncho.